Kumene Phazi Silifika Pansi

Tamvani, inu amene mukugulitsa chambo pa mlatho wa Chia, inu a ku Benga amene mwaika wailesi pambali pa thandala la usipa, ndi inu amene mukusoka matchera pamthunzi podikira kuti nyanja iphwe mkwiyo. Ndikulankhula ndili kuno kwa Mwadzama. Nkhani ya lero iyambira kutali, kudziko kumene mvula imagwa ngati ufa, koma musafulumire kusintha siteshoni. Tibwerera pa dooko pompano.

Mu Januwale, ife tili kalikiliki kubandira chimanga ndi kuwokera mpunga, mwana wa mlongo wanga ananditumizira kakanema pa WhatsApp. Mnyamatayu ali pasukulu ku Sapporo, mzinda wa pachilumba cha Hokkaido, kumpoto kwa Japan. Pansi pa kakanemako analemba kuti, "Amalume, taonani zimene ndalowa lero." Ndinaona phiri loyera mbee kuchokera kumwamba mpaka kutsinde, mitengo itakwiririka kutsala mitu yokha. Pamwamba panaima munthu atavala ngati mlonda wa ku Dedza mwezi wa Juni, ndodo ziwiri m'manja. Kumapazi anamanga timatabwa tiwiri tatitali totsetserekera, timene amati ski, koma timatabwato sitinkaoneka poti miyendo inali itamira mpaka m'maondo. Kenaka anayamba kutsika, zoyerazo zikufuka uku ndi uku ngati fumbi la pachigayo.

M'mawa mwake ndinapita nayo foni ku gombe. Kumeneko kuli mkulu wina, msodzi wakalekale. Dzina lawo sinditchula, chifukwa anandichenjeza kuti tsiku limene ndidzawaike pa wailesi ndisadzabwerenso kudzapempha utaka wa ndiwo. Madzi oundana amene mkuluyu amawadziwa ndi a m'mabokosi a ogula nsomba ochokera ku Lilongwe, basi. Anyamata anaunjikana pa foni, iwo anangosuzumira ali chikhalire, ukonde uli pamiyendo. Ataona pang'ono anati, "Mwanayu wakhalira kumbuyo. Akuopa. Agwa uyu."

Asanatseke pakamwa, mphwangayo anazimiririka. Panangotsala ndodo imodzi italoza kumwamba. Dooko lonse linafa nako kuseka. Ine ndinafunsa kuti, "Abambo, mwadziwa bwanji, inu chipale simunachionepo?" Iwo, osadzutsa nkomwe mutu, anati, "Aphunzitsi, inunso munakhala chomwechi tsiku lija." Kuseka konse kunatembenukira kwa ine.

Za tsiku lijalo ndikuuzani, sindibisa kanthu. Koma tiyambe tagwirizana za chinthu choyerachi. Ambirife mawu akuti chipale chofewa tinawamva kutchalitchi powerenga Baibulo, ndipo timangovomera ndi mutu. Si matalala ayi. Matalala ndi miyala, amaboola fodya m'munda. Si chisanu chimene chimayeretsa udzu ku Nyika kapena pamwamba pa Mulanje m'mamawa wa Julayi. Chipale chofewa ndi chinyezi chimene chaundana chikadali m'mitambo, nkusanduka tizidutswa topepuka ta nsonga 6, totsika mwakachetechete ngati phulusa la moto wa m'tchire.

Ndipo sichofanana chonse. Kumapiri kumene anthu amalipira kuti azitsetsereka, usiku kumayenda makina opsinja chipale mpaka chilimbe ngati msewu wodutsa giredala. Wophunzira aliyense amayambira pamenepo, poti ukaponda pansi pamakuyankha. China ndi chimene chagwa usiku womwewo, chosapondapo munthu. Eni ake masewerawa amachitcha ufa m'chilankhulo chawo, ndipo sanalakwitse. Ndi ufa woyera wosefa, wouma, woti ukaufumbata sugwirana. Mkati mwake mwadzaza mpweya, moti mutasungunula ndowa 10, madzi ake kawirikawiri sadzaza ndowa imodzi. Ku Hokkaido ufa umenewu umagwa wambiri chifukwa cha mphepo. Mphepo yozizira imachoka ku Siberia, imaoloka nyanja ya Japan ikutola chinyezi, ndipo ikagunda mapiri imakhuthula zonse. Ku Niseko, dera lotchuka la pachilumbapo, chipale chogwa nyengo imodzi chimafika mamita 15 mukachiphatikiza. Mzinda wa Sapporo womwewo unachititsako masewero a Olimpiki a nyengo yozizira mu 1972. Nditamva za mphepo yonenepera panyanja, mtima wanga unati: ameneyo ndi mbale wake wa mwera.

Madzulo ndinamuimbira mphwanga uja. Ndinati, "Iwe, tinakutumiza kukaphunzira kapena kukakwiririka wamoyo?" Anaseka nkuyamba kufotokoza. Anati nyengo ziwiri zathunthu anakhala akuphunzira pa chipale cholimba, mpaka anayamba kudziona ngati katswiri. Tsikulo anzake anamutengera kumbali kwa phiri kumene makina safika. "Amalume," iye anatero, "chinthu choyamba, mapazi suwaona. Chachiwiri, pansi palibe. Ukuponda, koma palibe chikukuyankha."

Tamvani tsono zimene thupi limachita likasowa pansi. Limati khalira kumbuyo kuti nsonga za matabwa zisalowe pansi. Ukatero, matabwa amathawira kutsogolo, ntchafu zimapsa moto, ndipo kukhota sikutheka. Limati chepetsa liwiro. Ukachepetsa, umatitimira, chifukwa chimene chimakuyandamitsa pa ufawo ndi liwiro lomwelo. Limati tsamira mwendo umodzi monga unazolowerera polimba paja. Ukatsamira, mwendo umenewo umamira, winawo nkutsala pamwamba, iwe nkupotoloka ngati chingwe. Nzeru zonse zimene zinkamupulumutsa kale ndi zimene zinamugwetsa. Womuphunzitsa anamuuza kuti miyendo iyandikane, kulemera kukhale kofanana ku mapazi onse awiri, thupi likhale pakati, manja kutsogolo. Maso asayang'ane mitengo koma mipata ya pakati pa mitengo, pakuti kumene kwapita maso nkumene thupi limalondola. Ndipo azinyutuka pang'onopang'ono, kutsika ndi kukwera, monga amachitira amayi a chioda ng'oma ikakoma, kuti matabwa azitulukira pamwamba pa nthawi yokhota.

Kugwa kwake akuti sikupweteka, uli ngati wagwera pa mulu wa thonje. Ntchito ili podzuka. Ukati utsamire dzanja, mkono wonse umalowa mpaka paphewa. Umayenera kupingasa ndodo ziwiri zija ngati mtanda, nkutsamira pakati pake. Tabwa limodzi linamuvuka, ndipo analifukula nthawi yaitali ngati munthu wofuna mbewa kuuna wolakwika.

Pamene amafotokoza zonsezi, ine ndinali nditachoka kale pa foni. Ndinali m'bwato.

Ine sindine mwana wa kunyanja. Ndinabadwira kumapiri a Ntchisi, kumene madzi aakulu ndi mtsinje woti ukapinda buluku waoloka. Kuno ndinabwera ndi ntchito ya uphunzitsi. Kondowole ndinamuzolowera msanga, kampango ndiye osanena, koma nyanja ndinkangoiyang'ana ngati apongozi: moni patali, ulemu wambiri. Chimene chinkandidya mumtima nchakuti ana a Sitandade 5, amene m'kalasi ndinkawazunguza ndi masamu ogawa, Loweruka ankandidutsa pa gombe akupalasa bwato ngati akuyenda pabwalo la kwawo, nkumandifunsa kuti, "Aphunzitsi, tikutengeni?"

M'mawa wina wa Okutobala, mwera utagona, nyanja ili phee ngati mafuta m'mbale, mkulu ujayu anandiuza kuti ndiwaperekeze kukavuula matchera. Nthawiyo anali adakali ndi mphamvu zawo. Inu akumtunda amene bwato mumangoliona pa chithunzi cha kalendala, dziwani kuti bwato lathu ndi mtengo umodzi wosemedwa. Kukamwa kwake nkopapatiza, milomo yake inapindikira mkati, moti munthu wamkulu sukhala m'katimo ngati pampando. Umakhala pamwamba pa milomoyo, miyendo yokha ndiyo ili mkati, wina kutsogolo wina kumbuyo. Kunsi kwake nkozungulira ngati dzungu. Likakhala pamchenga ndi chipika chabe. Likangokhudza madzi limadzuka.

Poyamba zinkakoma. Mchenga unkaoneka pansi, tinsomba tikuthawa chithunzithunzi chathu. Ndinkadziuza kuti zikavuta ndingotsika nkuyenda. Kenaka madzi anabiriwira. Kenaka anada. Mkulu uja anamiza nkhafi yonse mpaka dzanja linanyowa, nkuitulutsa, nkunena kuti, "Apa ndiye tayamba nyanja." Pomwepo manja anga onse awiri anagwira milomo ya bwato, msana unaumirira, ndipo ndinakhalira kumbuyo ngati mbuzi yokana kupita kumsika. Bwato linayamba kunjenjemera. Ndinati, "Abambo, bwatoli likugwedera." Iwo anati, "Bwato lili bwinobwino. Akugwedera ndi aphunzitsi."

Sanandiseke, ndipo ichi ndimachikumbukira mpaka lero. Anandipatsa nkhafi nkunena kuti ndisiye kugwira bwato, chifukwa wogwira bwato amaligwetsa yekha. Anati nkhafi ikakhala m'madzi ndi mwendo wachitatu, koma ikakhala m'mwamba ndi katundu. Anati, "Chiuno mulipatse bwato, mutu ukhale wanu." Tanthauzo lake, bwato likapendekeka, chiuno chipite nalo, koma mapewa ndi mutu zikhale chilili. Anandiletsa kuyang'ana madzi a pafupi ndi bondo. Anati ndiyang'ane kutali, kumene nyanja yakumana ndi thambo. Ndipo pamene boti la injini linadutsa chapatali nkutitumizira timafunde, ine nkusiya kupalasa kuti ndione chichitike nchiyani, anandikalipira koyamba ndi komaliza: "Palasani! Bwato loima limapereka nthiti kwa funde." Funde umalilandira ndi mphuno ya bwato, mopendekera pang'ono, uku ukuyenda. Ukaima, limakutembenuza cham'mbali, ndipo zotsatira zake mukuzidziwa.

Tsono taonani. Usakhalire kumbuyo. Usaume. Usayang'ane pamapazi. Usaime. Mphunzitsi wa ku Hokkaido ndi msodzi wa kwa Mwadzama sanaonanepo, samvana chilankhulo, wina amalipidwa pa ola wina amalipidwa ndi nyanja ikafuna, koma phunziro lawo ndi limodzi. Nchifukwa chake mkulu uja anaona kugwa kusanachitike. Sankayang'ana chipale. Ankayang'ana msana wa munthu wamantha, ndipo misana yotere waiona yambiri.

Mukufunsa ngati ndinagwa? Ndinagwa. Koma osati pakuya. Pobwerera, matchera atatipatsa tinsomba tokwanira ndiwo za mabanja awiri, phiri la kwathu la Ntchisi likuoneka kutsogolo, mantha anali atatha ndipo m'malo mwake munalowa matama. Pa gombe panali ana asukulu aja. Ndinakweza nkhafi m'mwamba kuti andione bwino, nkutembenuka kuti ndiwauze abambo aja kuti zayenda. Thibu! Madzi ake ofika pachifuwa. Nsomba zina zinabwerera kwawo. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Mkulu uja anadikira kuti ndiime ndi kutsokomola madzi onse, kenaka ndiye anaseka mpaka misozi. Atatha anati, "Zakhala bwino. Tsopano tiyambe sukulu." Anandionetsa kutembenuza bwato logubuduka, kuligwedeza kutsogolo ndi kumbuyo kuti madzi azitaika okha, kukapa otsalawo, ndi kukwereranso chakumapeto osati m'mbali. Anandibwereza katatu, ana akuwerenga mokweza. Anandiuzanso chinthu chimene ndikufuna mnyamata aliyense womvera achisunge: bwato la mtengo likadzaza madzi, kawirikawiri silimira msanga. Usalisiye nkumati ndisambira mpaka kumtunda. Mtunda umaoneka pafupi ukakhala m'madzi, koma umanama.

Pali ena ndikuwamva akuti, "Za chipale nza azungu izo, ife zitikhudza pati?" Pang'ono mukunena zoona, masewerawa amadya ndalama, ndipo kuno chipale kulibe. Koma sichili kutali monga timaganizira. Abale athu a ku Joni anachiona chikugwa m'misewu ya Johannesburg pa 10 Julayi 2023, ndipo mafoni athu anadzaza zithunzi tsiku limenelo. Ku Lesotho, m'mapiri a Maluti, pamtunda woposa mamita 3,000, msinkhu wa Sapitwa, kuli malo otchedwa Afriski kumene anthu amatsetsereka miyezi yomwe ino ya mwera, ngakhale chipale chambiri kumeneko nchopanga ndi makina. Mnyamata wa ku Zimbabwe, Luke Steyn, anapikisana nawo pa Olimpiki ya ku Sochi mu 2014.

Koma amene ndimamukonda ine ndi Philip Boit wa ku Kenya. Anali wothamanga wapamtunda, ndipo chipale anakachiona koyamba ali wamkulu kale, atapita ku Finland mu 1996 kukaphunzira mtundu wina wa masewerawa, woyenda mtunda wautali pa matabwa. Mu 1998, pa Olimpiki ya ku Nagano, ku Japan komweko, analowa mpikisano wa makilomita 10. Anamaliza wotsiriza, nambala 92, patapita mphindi pafupifupi 20 wopambana atafika kale. Wopambanayo anali Bjørn Dæhlie wa ku Norway, katswiri woopsa wa nthawi imeneyo. Dæhlie sanachoke. Anadikira pamzere womalizira mpaka Boit anafika, nkumukumbatira. Boit atabereka mwana wamwamuna anamutcha Dæhlie. Anthu amaikonda nkhaniyi chifukwa cha kulimba mtima kwa Boit. Ine ndimaikonda chifukwa cha wodikirayo. Wodziwa anaima nkudikira wosadziwa, monga mkulu uja anadikira kuti ndiime kaye asanaseke. Ndipo musaiwale kuti Boit anapatsidwa zaka ziwiri za maphunziro asanamuike pamzere.

Zaka ziwiri. Tsono tibwere kwathu kuno, tione kuti mnyamata amapatsidwa nthawi yaitali bwanji.

Nyanja yathuyi, kumene yazama kwambiri cha kumpoto, imafika pafupifupi mamita 700. Kupitirira mamita 250 kulibe mpweya, moti ngakhale nsomba sizikhalako. Koma kwa munthu wosatha kusambira, mamita 3 ndi mamita 700 nchimodzimodzi. Kutalika kwake nkoposa makilomita 550, ndipo mwera, umene umachokera kumwera chakum'mawa kuyambira cha mu Meyi mpaka cha mu Sepitembala, umayenda motsata utali umenewo. Ukamafika kuno ku Nkhotakota umakhala utathamanga mtunda wokwanira kuumba mafunde otha kubisa boti lonse. Mwera womwewo ndi umene umavundula madzi a pansi kummwera kwa nyanja nkukweza chakudya cha nsomba. Wotidyetsa ndi wotimiza ndi mmodzi.

Ndipo nyanja siisankha alendo okha. Pitani ku boma, ku tchalitchi cha All Saints cha Anglican, mukafunse za Bishopu Chauncy Maples amene anaikidwa kumeneko. Munthuyu anafika ku Africa mu 1876, anakhala zaka zambiri ku Likoma, nyanja ankaidziwa. Mu 1895 anadzozedwa ubishopu ku London, ndipo pobwerera, pa 2 Sepitembala chaka chomwecho, boti lake lotchedwa Sherriff linagubuduzika ndi namondwe cha kumbali ya Salima. Anyamata oyendetsa botilo anasambira nkufika kumtunda. Iye, pamodzi ndi mnzake Joseph Williams, sanafike; mbiri imati mkanjo wake wautali unamwa madzi nkumulemera. Patapita zaka 51, pa 30 Julayi 1946, sitima yatsopano ya Vipya inamira pafupi ndi Chitimba, ndipo anthu 145 anatsikira nayo. Amenewo sanali ophunzira kupalasa.

Kumapiri a chipale nakonso nchimodzimodzi. Ufa uja, wokoma chotero, ukaunjikana pamalo otsetsereka umatha kugumuka phiri lonse nthawi imodzi nkukwirira munthu, ndipo ukaima umalimba ngati simenti. Amene amakwiririka nthawi zambiri ndi odziwa, chifukwa ndi amene amalimba mtima kupita kutali. Ofufuza a ku Switzerland anapeza kuti mwa anthu 10 ofukulidwa mphindi 15 zisanathe, 9 amapulumuka, koma ikangopitirira theka la ola ambiri amakhala atapita. Nchifukwa chake kumeneko munthu wanzeru sapita yekha ku ufa wakuya. M'mawa amamvera kaye chenjezo la tsikulo. Pachifuwa amavala kachipangizo kolira kuti anzake amupeze akakwiririka, ndipo kumsana amabereka fosholo ndi ndodo yaitali yofufuzira. Mphwanga uja anandiuza kuti asanamulole kuchoka panjira yopsinjidwa, anamuphunzitsa kaye kufukula chikwama chokwiriridwa, akumuwerengera mphindi.

Zonsezi amachitira masewera. Munthu wongofuna kusangalala Loweruka.

Ife kuno timapita pakuya kukafuna chakudya cha dziko lonse. Usipa umene ukudyedwa ku Kasungu, ku Mchinji, ngakhale ku Chipata, umachoka m'manja mwa anyamata amene usiku wopanda mwezi amakhala makilomita angapo kuchokera kumtunda. Taganizani za siginala pa kauni: ali yekha m'kabwato, nyali zili kumbuyo kwake, kale zinali za parafini lero ndi za mabatire, akuitana usipa kuti usonkhane pamene anzake akuzungulitsa chilimira. Munthu ameneyo amawerenga kayendedwe ka madzi ndi ntchafu zake, amadziwa kuti nsomba zakwera poona tithovu, amamva mphepo ikusintha pakhosi pake mtambo usanaoneke. Akanakhala ku Norway bwenzi ali ndi satifiketi pakhoma ndi ophunzira olipira. Kuno timati ndi ntchito ya amene sukulu inawakanika. Mawu amenewa ndinawanenapo ine ndemwe m'kalasi, poopseza ana aulesi, ndipo ndimachita nawo manyazi.

Chifukwa chakuti luso limeneli timaliyesa chabe, sitiliphunzitsa. Mwana wobadwira pa gombe amalitola yekha, akusewera ndi zidutswa za mabwato akale. Koma masiku ano alovi ambiri, anyamata okoka maukonde m'maboti, si ana a pa gombe. Chimanga chikakanika kumtunda, feteleza akakwera mtengo, anyamata amatsika kuchokera ku Ntchisi, ku Dowa, kwa Mwansambo, kudzafuna ganyu kunyanja. Amafika masana, madzulo ali m'boti akukoka chingwe. Alipo amene amamufunsa kuti, "Kodi iwe umatha kusambira?" Alipo amamuuza chochita boti likadzaza madzi? Mnyamatayo naye sanganene kuti akuopa, poti malo ake angatenge wina. Ndinali ine ndemwe mnyamata ameneyo, kungoti ine ndinapita m'mawa, mu Okutobala, ndi munthu woleza mtima. Iye amapita usiku, mu Julayi, ndi anthu amene ali pa changu.

Za majekete oyandamitsa ndiye musanene. Ochepa amene alipo amakhala pansi pa mpando kapena asanduka pilo, ndipo wovala amasekedwa kuti wabwera ndi mantha a kumudzi. A zanyengo amachenjeza za mwera pa wailesi pomwe pano, ndipo amachita bwino. Koma ndikudziwanso kuti mwera ukaomba masiku anayi, usipa umasowa, mtengo umakwera, mwini boti ali ndi ngongole ya mafuta, mlovi ali ndi ana kunyumba, ndiye wina amati tiyeni tiyese, mwina usiku ugona. Sindingaime pano nditakhuta nkumadzudzula munthu wanjala. Jekete ndi ndalama, ndikuvomera. Koma m'mawa umodzi pamadzi ofika pachifuwa, kugubuduza bwato dala ndi kulidzutsa katatu, si ndalama. Makomiti athu a m'magombe, ma BVC, amakhala pansi kukambirana za maukonde a maso aang'ono, za masikito amene asanduka makoka, za nyengo yotseka nyanja, ndipo zonsezo nzofunika. Ndikanakonda pa mndandanda womwewo patakhalanso funso lakuti mlovi watsopano aliyense wayesedwa ndi yani asanakwere boti. Bungwe la zaumoyo padziko lonse, WHO, limati anthu pafupifupi 300,000 amafa pomira chaka chilichonse, ndipo mu 2021 United Nations inasankha 25 Julayi kukhala tsiku lokumbutsana za kupewa kumira. Tsikuli limagwa pakati penipeni pa mwera wathu, ngati analisankha ali pa Chia.

Aphunzitsi ake tili nawo, koma akutha. Mitengo ikuluikulu ya mbawa imene ankasema mabwato a zaka zambiri inatha kale m'mbali muno. Lero tikusema mango ndi malaina, mabwato ofewa, osakhalitsa. Achinyamata akuthamangira maboti a matabwa ndi injini, ndipo sindiwanena, injini ndi yabwino. Koma injini ikazima pakati pa nyanja, chotsala ndi nkhafi ndi chiuno, ndipo odziwa za zimenezo ndi akuluakulu aja akhala pansi pa mitengo akusoka maukonde a anthu ena, opanda wowafunsa kanthu. Safunsa anadya phula.

Mu Malichi, chipale chisanayambe kusungunuka, kunabwera kakanema kachiwiri. Ndinapita nako ku gombe komwe kuja. Ulendo uno mphwanga anatsika phiri lonse osagwa, akunyutuka, ufa ukumufika pachifuwa pokhota paliponse, ndipo chakumapeto akumveka akukuwa m'Chichewa chenicheni kuti, "Mayo ine, amalume!" Mkulu uja anaika ukonde pansi, chinthu chimene sachita wamba, nkuti ndibwereze. Anaonera kawiri. Kenaka anati, "Eya. Wamasula chiuno tsopano. Akadzabwera patchuthi mudzabwere naye kuno, tidzaone ngati pamadzi adzakumbukire."

Anakhala chete pang'ono, nkufunsa kuti, "Nanga akafika pansipo, amatengako chiyani?"

Ndinati, "Palibe, abambo. Amakweranso pamwamba nkuyambiranso."

"Osagwira kanthu?"

"Osagwira kanthu."

Anatola ukonde wawo, nkufunafuna pamene anasiyira. "Ndiye kuti kumeneko amakhuta," anatero.

Kunjaku mwera sunagonebe.